Hilux ikulira kunsi chithere dzinja: ndi difu kapena propshaft?

Wampunga wa ku Nkhate

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, 2.5 D-4D ya 2008, double cab, ya four wheel. Ndi imene imadyetsa ana kunyumba. Ndimagula mpunga kuno ku Nkhate ndi ku Livunzu n'kukagulitsa ku Limbe, pobwerera ndimanyamula simenti, malata kapena katundu wa eni magolosale. Msewu wathu wa East Bank mukuudziwa, kuchoka kuno mpaka pa Thabwa ndi fumbi, miyala ndi mitsinje. Dzinja lapitali ndawoloka madzi ofika m'munsi mwa zitseko kambirimbiri, chifukwa ukati udikire kuti aphwe ndiye kuti sabata yonse sugwira ntchito.

Mvula itatha ndi pamene galimoto inayamba kudandaula, ndipo maphokoso ake ndi atatu.

Loyamba ndi "gu!" kamodzi kokha, kunsi chakumbuyo. Limamveka ndikamanyamuka, makamaka ndikachoka pa rivesi kupita pa giya wani. Ndikamayenda n'kuchotsa phazi pa moto kenako n'kupondanso, limabweranso.

Lachiwiri ndi kunjenjemera. Pa fumbi sindikumva chifukwa galimoto yonse imakhala ikugwedera kale, koma ndikangokwera tala pa Thabwa n'kufika sipidi 60 mpaka 70, mpando umayamba kunthunthumira, galasi loonera kumbuyo osaonekanso bwino. Chiwongolero chili phee. Ndikadutsa 80 kumachepa.

Lachitatu ndi limene likundisowetsa tulo. Potsika mapiri kuchokera ku Blantyre, ndili pa giya fili phazi ndachotsa pa moto, kumbuyo kumalira "wuuuu", sipidi ikamakwera nakonso kulira kumakwera. Ndikaponda moto pang'ono kumatsika, koma sikutheratu.

Ndinapita pa galaja ina, makaniko anangoyenda nayo pang'ono n'kunena kuti difu, ija imagawa mphamvu ku matayala akumbuyo, yatha, ndikagule yathunthu yakale ku Blantyre. Kunsi sanalowe n'komwe. Mtengo umene anditchulira ndi mpamba wanga wonse wa mpunga. Kodi maphokoso atatuwa ndi a chinthu chimodzi? Pali njira yoti ndidziwe ndekha ndisanagule?

Makaniko wa pa Nchalo

Achimwene, difu musagule kaye. Mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo mmene ndikumvera, amenewa ndi matenda awiri kapena atatu amene gwero lake ndi limodzi: madzi a m'mitsinje ija. Galimoto za ku East Bank ndi za ku Chapananga zimabwera kuno chaka chilichonse mvula ikatha ndi nyimbo yomweyi. Chaka cha namondwe wa Freddy, 2023, dzenje langa lokonzera galimoto silinkakhala lopanda pikapu pamwamba.

Tiyambe ndi khutu. Funso loyamba pa phokoso lililonse la kunsi ndi lakuti: likutsatira injini kapena likutsatira matayala? Pezani malo athyathyathya owongoka, tala ya pakati pa Dyeratu ndi Nchalo ndi yabwino, nthawi yoti msewu ulibe njinga zambiri. Fikani pa sipidi imene imalira ija, ikani nyutulo, injini itsike yokha. Phokoso likatheratu pamodzi ndi kutsika kwa injini, nthawi zambiri vuto lili kutsogolo. Likatsala n'kumachepa pang'onopang'ono pamene galimoto ikuchepa liwiro, ndiye kuti lili pa zimene zimazungulira ndi matayala: propshaft (chitsulo chachitali chotengera mphamvu ya injini ku difu), difu, ma bearing kapena matayala enieniwo. Chonde zimenezi musayesere m'mapiri muja. Pamtsetse uja galimoto isachoke m'giya ngakhale kamphindi.

Kunjenjemera kuja mwandiuza kale kumene kuli. Kukanakhala kwa matayala akutsogolo mukanakumva m'manja. Kwa mu mpando n'kwa kumbuyo, ndipo kumene kumasokoneza galasi n'kofulumira. Propshaft imazungulira pafupifupi kanayi pamene tayala lazungulira kamodzi, choncho kunjenjemera kwake n'kwa "zzzz", pamene tayala lopindika limachita kudumpha moti mutha kuwerenga. Ndikuganizira cross, kamtanda kachitsulo kamene shaft imapindikira, kapena centre bearing, ija imagwira shaft pakati ndi labala.

Lowani kunsi motere. Imikani pamalo osatsetsereka, ikani miyala ikuluikulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, zimitsani injini, giya pa nyutulo, handibuleki mutsitse. Mukasiya m'giya kapena handibuleki ili m'mwamba, shaft imakhala yokungika ndipo cross yakutha imaoneka yabwinobwino. Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Gwirani mbali ziwiri za cross iliyonse, dzanja lina uku lina uku, mupotokole mosemphanitsa, kenako mukankhe m'mwamba ndi m'mbali. Cross yabwino siseweranso ngakhale pang'ono. Yang'ananinso pa timakapu take tinayi. Mukaona fumbi lofiira la dzimbiri likutuluka m'mphepete, girizi anatha kalekale, tizitsulo ta m'katimo tikudyana touma. Pali ina imene simasewera koma inauma gwa, imeneyo mumaidziwa pokhapokha shaft mutaitsitsa n'kuipinda ndi manja.

Mukafika pa centre bearing kankhani shaft m'mwamba. Labala wake akang'ambika shaft imagunda pa chitsulo, makamaka ponyamuka ndi katundu. Kutentha kwa kwathu kuno labala sakhalitsa, mwezi wa October ndi November pansi pa galimoto pamachita kuotcha.

Tsopano gwirani flange ya difu, pamene shaft yamangidwa ndi mabawuti anayi. Kuzungulira pang'ono uku ndi uku n'kwachibadwa, mano a giya amayenera kukhala ndi kampata. Koma ikamasewera m'mwamba ndi pansi, kapena kulowa ndi kutuluka, ma bearing a pinion, giya yaing'ono ya m'difu imene flangeyo imazungulitsa, amasuka. Zimenezi zimagwirizana ndi "wuuu" wanu uja. Potsika phiri matayala ndi amene amakankha injini, mphamvu imabwera chobwerera, pinion yomasuka imakokedwa n'kusuntha, mano amakumana posayenera, ndiye imaimba. Mukaponda moto imabwerera pamalo pake, kulira n'kuchepa.

Chomaliza, ndipo ndi chimene chinene zoona zonse: oyilo wa m'difu. Sipanala 24. Yambani kumasula pulagi ya m'mwamba yothirira, chifukwa mukakhetsa oyilo kenako ya m'mwambayo n'kukana, mwakhala pompo. Tcherani beseni loyera. Mudzatiuze mtundu wa oyiloyo ndi zimene zakakamira pa maginito a pulagi ya pansi.

Dalaivala wa pa Ngabu

Madala a pa Nchalo anena zomveka, koma ine ndisiyana nawo pang'ono. Asanalowe kunsi ayambe ndi matayala ndi ma wheel bearing. Ine ndimanyamula mbuzi ndi ng'ombe kuchoka kuno kupita ku Blantyre, ndipo ndinaonapo mnzanga atasinthitsa difu yonse, galimoto n'kutuluka m'galaja ikulirabe chimodzimodzi. Inali bearing ya tayala lakumbuyo kumanzere basi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pa tala popanda galimoto ina, sipidi 50 kapena 60, khotetsani pang'ono kumanja kenako kumanzere, mofatsa. Kulemera kukapita mbali imene bearing yatha, phokoso limakula, kukachoka limachepa. Difu siisamala zoti mwakhota pang'ono, imalira chimodzimodzi. Mukaima gwirani pakati pa limu lililonse, lotentha kuposa anzake likukuuzani kanthu. Muonenso kuseri kwa tayala lakumbuyo ngati kwanyowa oyilo, chifukwa bearing ikamasewera imadya seal, oyilo n'kulowa m'mabuleki.

Matayala a zigobangoba amene timakonda chifukwa cha matope nawonso amaimba pa tala, makamaka akadyeka mosiyanasiyana. Sisitani ndi dzanja, mukamva mabampu ndi omwewo. Phokoso la tayala limasintha msewu ukasintha, pa tala yosalala lina, pa yokhakhala lina.

Za "gu!" uja muonenso ma U-bolt ogwira masipuling'i ndi ma bush a kumapeto kwake. Msewu wa Thabwa umamasula nati iliyonse. Ma U-bolt akamasuka, axle yonse imagwedezeka ponyamuka. Komanso musaiwale kuchotsa four wheel mukakwera tala. Hilux imeneyo ilibe difu ya pakati, mukayenda pa tala ili mu H4, four wheel ija, zitsulo zimakungana mpaka china chilire.

Wampunga wa ku Nkhate

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndachita zonse, mlamu wanga ndi amene amandigwirira tochi.

Pa nyutulo kunjenjemera kulipobe. "Wuuu" uja amachepa kwambiri koma pamatsala kaphokoso kena kopyapyala, ka "shiiii", kotsatira sipidi. Kukhotetsa uku ndi uku sikunasinthe kanthu, malimu onse akutentha mofanana, kuseri kwa matayala n'kouma. Ma U-bolt a kumanja analidi omasuka, nati iliyonse yalola kuzungulira, ndamanga. "Gu!" wachepa koma sanathe. Four wheel ndimachotsa nthawi zonse ndisanafike pa Thabwa.

Kunsi ndiye kwandiopsa. Cross ya kumbuyo, ya pafupi ndi difu, ili ndi fumbi lofiira lija pa timakapu tiwiri, ndipo ikusewera moti ukumva "kho kho" ndi manja okha. Zina ziwirizo zili nganganga. Labala wa centre bearing wang'ambika mbali ya m'munsi. Flange ya difu ikuyenda m'mwamba ndi pansi, pang'ono kwambiri, koma ikuyenda, ndipo pozungulira pake pali oyilo wosakanikirana ndi fumbi.

Oyilo watuluka ngati tiyi wothira mkaka, ndipo poyamba penipeni kunatsogola madzi enieni. Pa maginito panali phala lotuwa lambiri, ndikalipaka pa chala likunyezimira, koma zidutswa zazikulu palibe. Ndathira kaye oyilo watsopano wa 80W-90 kuti isakhale youma. Ndiye pamenepa ndi difu yonse kapena ipulumuka? Mpunga wa anthu ndalandira kale, akudikira ku Limbe.

Mayi wa pa Bangula

Bambo a ku Nkhate, pepani ndi vutoli. Ine sindine makaniko, koma pikapu yathu ndimaiyang'anira ndine chimwalirire bambo a kunyumba, ndipo ndalama ya difu ndinailipirapo, ndikudziwa kuwawa kwake.

Ngati zingafike pogula yakale, musangoti poti ndi ya Hilux ndiye ilowa. Kulowa ilowa, koma mano ake amasiyana. Ina giya yaikulu ili ndi mano 41 yaing'ono 10, ina 43 ndi 11, ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi. Pa galimoto yokoka kumbuyo kokha mungangoona kuti mphamvu pa phiri yasintha. Pa four wheel ndi nkhani ina, chifukwa difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana. Zikasiyana, tsiku limene mudzaike four wheel mu mtsinje matayala akutsogolo ndi akumbuyo adzayamba kulimbana, chimene chidzagonje ndi transfer, ija imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kapena difu yomweyo. Pitani ndi yanu yakaleyo, muwerenge mano pamaso pa wogulitsa, zonse ziwiri. Akakana kuti muwerenge, tulukani.

Ndinenenso za katundu, musandikwiyire. Matumba a makilogalamu 50 mumaika angati? Double cab sinapangidwe kuti inyamule kupitirira tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe ali m'katimo. Matumba 20 ndi tani kale. Ife amalonda timafuna ulendo umodzi ubweze dizilo, ndikumvetsa, nanenso mbatata ndi chitowe ndimadzaza. Koma masipuling'i akagona, shaft imakhala mopindika kuposa mmene iyenera kukhalira, cross imagwira ntchito yowirikiza, kenako mukwere nayo phiri lija pa giya wani dzuwa lili pamutu. Mukakonza, chotsaniko matumba angapo, muone ngati sizikhalitsa.

Mpunga mwalandirawo pemphani mnzanu akunyamulireni ulendo uno. Cross ikaduka muli pa liwiro, shaft imamenya pansi pa galimoto, imatha kuboola thanki kapena kudula paipi ya mabuleki. M'makhotakhota muja si malo oti zimenezo zikuchitikireni.

Makaniko wa pa Nchalo

Mayi anena zoona, ndi katundu galimotoyo isakwere phiri. Koma achimwene, mtima ukhale pansi. Mmene mwafotokozeramu mwayi ulipo waukulu woti difu ipulumuke. Phala lotuwa pang'ono limapezeka pa maginito a difu iliyonse. Lonyezimira lambiri ndi ma bearing amene akudyeka. Zidutswa zoti mungazitole ndi zala ndiye mano, ndipo inu simunazipeze.

Mmene madzi analowera ndi motere. Pamwamba pa axle pali ka breather, kachitsulo kakang'ono kokhala ndi chipewa, kotulutsira mpweya difu ikatentha. Mwayenda mtunda, difu yatentha, mwalowa nayo m'madzi ozizira. Mpweya wa m'katimo umanyala mwadzidzidzi n'kukoka chilichonse chili panja. Ka breather kakamira kamamwa madzi, kakatsekeka ndi matope madzi amalowera pa ma seal. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sagwira pa chitsulo, ndipo galimoto ikagona masiku angapo ma bearing amachita dzimbiri. A pinion ndi amene amayamba kufa chifukwa ndi amene amathamanga kwambiri. Cross nayo inatsukidwa girizi ndi madzi omwewo, mchenga n'kulowa.

Ntchito iyende chonchi. Tsitsani shaft yonse. Musanamasule, lembani ndi penti kapena choko mzere pa flange zonse ziwiri, pa centre bearing, ndi pamene shaft imalowana. Ikabwerera mosemphana ndi dzino limodzi lokha, ma cross sayenderana, ndipo mudzanjenjemera kuposa kale ngakhale zonse zili zatsopano. Ndaona anthu akugula matayala anayi chifukwa cha mzere umene sanalembe.

Shaft ili pansi, muli ndi mwayi umene wa galimoto yokoka kumbuyo kokha alibe. Ikani H4, muyende ndi matayala akutsogolo okha, opanda katundu, mofatsa, kamtunda kochepa pa tala. Pa Hilux yanuyo shaft imamangidwa ndi mabawuti pa transfer, choncho oyilo satayika. Kunjenjemera kukatha, mwatsimikiza kuti kunali kwa shaft. "Shiiii" akatsala, ndi ma bearing a m'difu, chifukwa matayala akuizungulitsabe. Mukaima zungulitsaninso flange ija ndi dzanja matayala akumbuyo ali m'mwamba, mumve ngati ikukhakhala. Galimoto ikhale pa zitsa zolimba kapena ma stand, jeke yekha musamukhulupirire.

Sinthani cross yakuthayo ndi centre bearing. Zina ziwirizo mudzipinde ndi manja, ngati zikuyenda mosalala zisiyeni, muzipope girizi mpaka wakale wakuda atuluke pa timakapu tonse tinayi. Pogula tengani yakaleyo, ndipo gulani yokhala ndi nipple, kabowo kopopera girizi. Cross yotchipitsitsa pa msewu wa East Bank simaliza dzinja. Pamene shaft imalowana paja popani pang'ono chabe. Pakauma napo pamachita "gu!" poima ndi ponyamuka, koma mukadzazitsa shaft imakanika kufupika n'kumakankha ma bearing a transfer.

Tsopano chenjezo lalikulu. Wina adzakuuzani kuti, "Flange ikusewera? Tingomanga nati ya pinion." Mukane. Kuseri kwa natiyo kuli kapaipi kamene kamafinyika kamodzi kokha kuti ma bearing akhale pa muyeso wake. Kumanga ndi chipaipi chachitali mongoganizira kumafinya ma bearing odyeka kale, kulira kumatha sabata imodzi, kenako amapsa n'kutenga mano omwe. Pamenepo ndiye mudzagule difu yonse ija.

Choyenera n'kusolola ma half shaft (zitsulo zochoka ku difu kupita ku matayala), kutulutsa mutu wa difu, kuutsuka ndi dizilo n'kuuika pa tebulo powala. Yang'anani mano mbali zonse ziwiri, makamaka mbali imene imagwira potsika phiri. Ngati ali osalala, opanda timaenje, osabenthuka, mungosintha ma bearing awiri a pinion, awiri a m'mbali, seal ndi kapaipi kaja. Wokonzayo akhale ndi geji yoyezera mpata wa mano, ndipo apake utoto pa mano kuti aone pamene akukumana. Mufunseni zimenezi asanayambe. Akati amayeza ndi khutu, nyamulani mutuwo m'thumba mupite kwina, suvuta kukwera nawo minibasi. Kunena chilungamo, ngati mano anayenda nthawi yaitali ali posayenera, kakulira pang'ono katha kutsala ngakhale mutakonza bwino. Kameneko sikaletsa ntchito.

M'kati mwa axle mutsukemo matope musanabweze. Ka breather mukachotse, muikepo paipi ya labala yaitali, muikweze mpaka m'mwamba pansi pa bodi, kumapeto muikeko kafyuluta ka petulo n'kukaloza pansi. Ndipo poti madzi anafika m'zitseko, tsegulaninso difu yakutsogolo, transfer ndi giyabokosi. Zinamwera mtsinje womwewo.

Wampunga wa ku Nkhate

Takhuta madala, takhuta mayi. Mpunga ndagwirizana ndi mnzanga wa lole ya matani atatu, anyamula Lachinayi. Matumba ndimaika 24, nthawi zina 26, ndamva. Difu yakutsogolo ndatsegula, nayonso oyilo wayamba kutuwa, transfer ndi giyabokosi zili bwino. Shaft ndatsitsa, mizere ndalemba. Ndayenda mu H4, kunjenjemera kwatheratu, "shiiii" alipo. Mutu wa difu titulutsa mawa.

Funso limodzi: wogulitsa oyilo anandifunsa ngati difu yanga ndi LSD, ine sindinadziwe chomuyankha, ndinangotenga wamba. Ndingadziwe bwanji?

Makaniko wa pa Nchalo

LSD ndi difu imene siilola tayala limodzi kuzungulira momasuka linzake litaima. Onani kaye kuseri kwa difu pafupi ndi pulagi yothirira, zina zimakhala ndi kapepala kolembedwa LSD, ngakhale pa galimoto ya 2008 ya m'matope mwina kanachoka. Apo ayi, poti shaft ili pansi kale, ikani miyala ku matayala akutsogolo, kwezani akumbuyo onse awiri, handibuleki pansi, muzungulitse limodzi ndi dzanja mlamu wanu akuyang'ana linalo. Likazungulira mbali yomweyo ndi LSD. Likazungulira chobwerera kapena kungokhala, flange yokha n'kumazungulira, ndi wamba. Mawa mutu ukatuluka mudzaonanso ndi maso, ya LSD m'kati mwake muli timbale ta klatchi.

Ikakhala wamba, 80W-90 mwagulayo ndi yoyenera ngati pa botolo palembedwa GL-5. Ikakhala LSD pafunika botolo lolembedwa LSD kapena LS, apo ayi idzayamba "gudugudu" pokhota pang'onopang'ono, inu n'kumaganiza kuti wokonza walakwitsa. Oyilo mwathira dzana uja musabwezeremo, watsuka madzi otsala, ntchito yake yatha. Watsopano muthire galimoto ili pamalo ofanana mpaka ayambe kutuluka pa bowo lothirira. Mukatsuka mano mujambule mbali zonse ziwiri muike pano tione musanagule ma bearing.